Mababu a ku laibulale yathu: kodi angatumizedi intaneti?

Apampando: Mwaswera bwanji abale nonse a kwathu ku Mulanje. Laibulale ija yatha kufolera, malata omaliza akhomedwa dzulo. Chatsala ndi sola, batire ndi mababu. Koma mwana wathu amene ali ku yunivesite ya MUST wandiimbira, akuti mababu omwewo atha kumatumizanso intaneti. Ine mutu wanga sunagwire, ndiye afotokoze yekha pano tisanatulutse ndalama.

Wophunzira wa ku MUST: Zikomo apampando ndi makolo nonse. Zimenezi amazitcha Li-Fi. Babu la LED limatha kuwonjezera ndi kuchepetsa kuwala kwake ka mamiliyoni pa sekondi imodzi, diso osaona kanthu. Kuphethira kumeneko ndiye uthengawo. Patebulo pamakhala kachipangizo kolandira kuwala n'kukusandutsa data yoti kompyuta iwerenge. Anatchukitsa dzinali ndi Pulofesa Harald Haas, mu 2011 ali ku yunivesite ya Edinburgh, ndipo mu 2023 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linavomereza muyezo wake wotchedwa 802.11bb.

Amayi msungichuma: Iwe mwana wanga, ukunena mababu omwewa timagula pa Chitakale?

Wophunzira wa ku MUST: Vuto lagona pomwepo amayi. Babu loyera si loyera mkati. Mukachotsa chipulasitiki chapamwambacho muona timadontho tachikasu. Pansi pa chikasucho pali kanyali ka buluu, ndipo chikasucho, chomwe amati phosphor, chimasandutsa kuwala kwina kukhala kwachikasu, ziwirizo zikasakanikirana ife n'kumaona koyera. Kanyali ka buluu n'kachangu, koma chikasucho chimachedwa kuzima, ngati khala la pambaula lomwe limakhalabe lofiira inu mutasiya kukupiza. Ndiye uthenga wachiwiri umafika woyamba usanazime, zonse n'kupakana. N'chifukwa chake babu loyera limangokwanitsa ma megahertz ochepa chabe, kutanthauza kuphethira ka mamiliyoni ochepa pa sekondi, ndiye intaneti yake imachedwa.

Akatswiri ali ndi njira zake. Ena amaika kagalasi ka buluu pamaso pa cholandirira kuti kasefe chikasu chochedwacho, koma pamenepo kuwala kwambiri kumatayika, ndiye cholandirira chisatalikirane ndi babu. Ena amaika tizipangizo tokweza mphamvu ya kuphethira kwachangu komwe babu limafooketsa. Palinso OFDM, kugawa uthenga m'timizere tambirimbiri toyenda nthawi imodzi. Ena amasiyiratu chikasucho n'kugwiritsa tinyali titatu, kofiira, kobiriwira ndi ka buluu, kalikonse kutenga uthenga wakewake.

Achimwene a ku Joni: Mphwanga, sukulu ukuimva, ndakunyadira. Koma ndiyankhe chimodzi. Intanetiyo ilowa bwanji m'babumo? Igwa kuchokera pa Sapitwa?

Wophunzira wa ku MUST: Ayi achimwene. Pafunikabe rauta ndi bandulo. Babu limangonyamula kuchoka kudenga kufika patebulo.

Achimwene a ku Joni: Basitu. Ndiye bandulo tilipira ndithu, kenako tigulenso zolandirira, poti mafoni a ana athu alibe chimenecho. Ndipo mwana akafuna kufunsa kanthu, uthenga wake ukwera bwanji kubwerera kudenga?

Wophunzira wa ku MUST: Umakwera pa infrared, ngati ya rimoti ya TV. Nazonso n'zogula. Ndipo babu lapamsika silingagwire palokha, pafunika kusintha tizipangizo tamkati toyendetsa magetsi. Sindinama, zotsika mtengo ayi.

Aphunzitsi opuma: Ndalowa mochedwa, ndinali kudimba. Ine ndaphunzitsa mpaka kupuma, ndiye mundilole. Sabata yatha ndinapeza mdzukulu wanga wa Fomu 4 atagona chafufumimba pamphasa, tochi ya foni ataluma pakamwa, manja onse ali pa kope la Biology. Foniyo ndi ya amayi ake, ikatha moto kuwerenga kwathera pomwepo. Tinamangira ana otere nyumba ija. Funso langa ndi la batire. Ngati uthenga uli m'kuwala, ndiye kuti mababu aziyaka ndi masana omwe? Inu a m'tauni mwaiwala chiperoni. Kuno chikakhazikika timatha masiku dzuwa osaliona, phiri lonse litabisala. Batire limene ladyedwa masana lidzafika 8 koloko usiku?

Wophunzira wa ku MUST: Aziyakadi, ngakhale mochepa. Komanso mawindo athu ndi aakulu, dzuwa likalowa limasokoneza cholandirira. Pamenepo mwandigwira aphunzitsi.

Alembi: Komatu tisamuphe mwanayu. Ine chandikoka n'chakuti kuwala sikudutsa khoma. Ukaika Wi-Fi, anyamata onse a pamsika adzadzaza pakhonde kuonera mpira, bandulo ya mwezi kutha Loweruka limodzi.

Achimwene a ku Joni: Alembi, mankhwala ake ndi pasiwedi, yaulere. Bola woyang'anira asakhale ndi azilamu ambiri 😂

Wophunzira wa ku MUST: Ndavomera makolo. Ndipemphe ziwiri zokha. Choyamba, tiganizire kakompyuta kakang'ono kosungira mabuku ndi mapepala a mayeso akale a MSCE, ana azitsegula pa Wi-Fi ya m'chipindamo popanda bandulo. Chachiwiri, mundipatse tebulo limodzi pakona. Ndili ndi kababu ka LED, kasola kakang'ono kochotsa pa nyali yakufa ndi sipika. Ndikalumikiza foni kukababuko n'kukalozetsa pakasolako, nyimbo imamveka pa sipika popanda waya pakati. Ukatchinga ndi dzanja, zii. Ukachotsa, yayambanso. Ana a Physics aone ndi maso.

Aphunzitsi opuma: Chimenecho ndiye bwera nacho. Ndidzakhala kutsogolo, ndidzatchinge ndekha ndi chipewa changa.

Apampando: Tamvana. Ndalama zilipozi zipite ku sola, batire lalikulu ndi mababu wamba a LED. Za kakompyuta, mwana wathu atipezere mtengo tikambirane pamsonkhano wamwezi wamawa. Tebulo lapakona watenga.

Amayi msungichuma: Chabwino, koma mitengo ya batire ndikufuna ya masitolo atatu, yolembedwa, osati yapakamwa. Ndipo achimwene a ku Joni, mwayankhula bwino lero, koma chopereka chanu cha mwezi watha sindinachione.