Gradient ya Grade 12 ikukana kugwirizana ndi memo, ndalakwitsa pati?

Aphunzitsi a ku Rosettenville: Anzanga a Geography, ndithandizeni, mutu waima. Loweruka lililonse ndimaphunzitsa ana asanu a Grade 12 m'galaja ya pano pomwe ndimachita lendi kuno ku Joni, atatu mwa iwo ndi ana a kwathu. Mayeso a prelim, oyeserera asanalembe omaliza, ali pakhomo. Dzulo ndinawapatsa pepala lakale la map work, funso la gradient, kutsetsereka kwa nthaka pakati pa malo awiri pa mapu. Onse asanu anapeza 1:17.5 pomwe memo, pepala la mayankho, ikuti 1:25. Ndinawakalipira kuti akuonerana. Atapita ndinatenga rula ndekha, nane ndapeza 1:17.5 yomweyo! Kusiyana kwa misinkhu ndi mamita 80, apo palibe chovuta. Kodi memo imalakwa?

Madamu a ku Cosmo City: Imalakwa nthawi zina, koma osati motero ayi. Achimwene, pakati pa malo awiriwo rula ikukupatsani masentimita angati?

Aphunzitsi a ku Rosettenville: 2.8, madamu. Mapu ndi a 1:50 000, sentimita imodzi ndi mamita 500, ndiye ndachulukitsa ndi 500, ndapeza mamita 1 400.

Madamu a ku Cosmo City: Kuti yankho likhale 1:25 pa mamita 80, mtunda uyenera kukhala mamita 2 000, kutanthauza masentimita 4 pa pepala. Masamu anu ali bwino. Pepalalo ndilo ndikulikayikira.

Bambo a ku Yeoville: Mapuwo munasindikiza kuti, nanga pa pepala lalikulu bwanji?

Aphunzitsi a ku Rosettenville: Pa kashopu ka intaneti kapafupi pano. Mnyamata wake anati A3 ndi yodula, andiikira pa A4 kuti ndisawononge ndalama. Ndinamuthokozanso.

Bambo a ku Yeoville: Ndiye nkhani ndi imeneyo, mphwanga. Mukachepetsa A3 kukhala A4, makina amafinya chilichonse kufika pa 71 peresenti. Tengani masentimita 4 muchulukitse ndi 0.71, mupeza 2.8 yanu ija. Pansi pa mapu palembedwabe 1:50 000, koma manambala olembedwawo sadziwa kuti pepala lafinyidwa. Ine zinandichitikira chaka changa choyamba kuno, ndinatha masabata awiri ndikuganiza kuti ana ndi ogona.

Musanapereke mapu kwa mwana aliyense, ikani rula pa line scale, kamzere kosonyeza mtunda ka m'munsi. Pa 1:50 000, kilomita imodzi iyenera kukwana masentimita 2 ndendende. Pa orthophoto (mapu a chithunzi chojambulidwa m'mwamba) ya 1:10 000, sentimita imodzi ndi mamita 100. Ngati line scale inadulidwa posindikiza, yezani mphindi imodzi ya latitude m'mphepete mwa mapu, kuchokera kumpoto kupita kum'mwera: imakhala pafupifupi masentimita 3.7, chifukwa pansi ndi makilomita 1.85. Musayeze ya longitude, imeneyo ndi yaifupiko kuno ku latitude ya madigiri 26 kum'mwera.

Madamu a ku Cosmo City: Ndipo mukabwerera ku shopuko muime pomwepo pa kompyuta. Asankhe Actual size kapena 100%, achotse Fit to page. Ngakhale pa A3 penipeni, Fit to page imadyako pang'ono, ndipo kudya pang'onoko n'koipa kuposa kwanuku chifukwa simuzindikira msanga.

Achemwali a ku Turffontein: Nanga ngati ndalama ya A3 palibe? Ana anga ena makolo awo ndi a maganyu.

Bambo a ku Yeoville: Sindikizani kachigawo kokhako komwe funso likufunsa, pa A4 koma pa 100%. Timabokosi ta pa mapu tinayi kapena tisanu ndi kamodzi tikwana. Koma mapu amodzi amtundumtundu, aakulu bwino, akhale nawo ndithu oti aziwagwira ndi manja. Pa fotokope yakuda, mizere ya contour ya bulawuni ndi mtsinje wa buluu zimafanana, mwana n'kumawerenga mtsinje ngati contour. Pa mapu a 1:50 000 mizereyo imatalikirana ndi mamita 20, pa orthophoto mamita 5, zimenezinso azizolowere.

Aphunzitsi a ku Rosettenville: Ndiye bearing ndi magnetic declination zomwe tinachita pa mapu omwewo, nazonso titaye?

Madamu a ku Cosmo City: Ayi, ngodya sisintha pepala likafinyidwa mofanana mbali zonse. Zomwe zawonongeka ndi distance, area, gradient ndi cross-section. Area ndiye yafa zedi, yatsika ndi theka lathunthu.

Poti mwatchula declination, ngodya ya pakati pa true north ndi kumene kampasi imaloza, onetsetsani mphindi. Tiyerekeze mapu akuti 18°50' kumadzulo, ndipo chaka chilichonse ikusuntha 5' kumadzulo komweko. Zaka 6 ndi 30'. Mwana amalemba 18°80' n'kumwetulira. Digiri ili ndi mphindi 60, ndiye yankho ndi 19°20' kumadzulo kwa true north, ndipo mawu amenewo alembedwe, osati nambala yokha. Ine ndimawauza aganize za wotchi: palibe amene amati nthawi ili 6 koloko ndi mphindi 80.

Achemwali a ku Turffontein: Ana omwe anayamba sekondale kumudzi amavutikanso apa. Ku Fomu 3 anazolowera grid reference ya manambala asanu ndi limodzi, kuno afuna madigiri, mphindi ndi masekondi, latitude poyamba. Ndipo map work sungaizembe: kuyambira 2021 ili m'mapepala onse awiri, mamalikisi 30 pa 150 m'pepala lililonse.

Bambo a ku Yeoville: Mukapeza mpata, funani shiti ya 2628AA, ndiyo ya Johannesburg. Ana amadzuka akaona msewu wakwawo pa mapu. Ine ndimawasonyeza mtandadza wa Witwatersrand: mvula yogwa kumpoto kwake imalowa mu Jukskei, Crocodile, Limpopo mpaka Indian Ocean, yogwa kum'mwera, kwanuko ku Rosettenville, imatsata Klip, Vaal, Orange mpaka Atlantic. Watershed, mtunda wogawa madzi, sindiifotokozanso kawiri.

Aphunzitsi a ku Rosettenville: Ndabwerako ku shopu. Ndasindikiza A3 pa 100%, line scale yakwana masentimita 2, malo awiri aja masentimita 4, gradient 1:25. Mnyamata uja amafuna kundifinyiranso, ndachita kumugwira dzanja pa mouse. Loweruka ndiyamba ndi kupepesa kwa ana, magwinya ndigula ine. Madamu, funso la 18°50' lija ndalibwereka.