Thandizeni: code ya GSL ndingaipereke ku SciPy?

Akuluakulu a m'gulu muno, ndikupempha nzeru kwa amene munaperekapo code ku NumPy kapena SciPy, malaibulale a masamu a Python.

Kuntchito ndimawerengera ma series ochedwa kufika pa yankho, ndipo chimene chimandipulumutsa ndi Levin u-transform, njira yofulumizitsa ma series otere. Mu GSL (GNU Scientific Library, laibulale ya masamu) ilimo, gsl_sum_levin_u_accel, yolembedwa mu C. Ndikufuna anzathu a Python aziipeza mu SciPy momwemo. Pavuta ndi pa laisensi. GSL ili pa GPL 3, SciPy ili pa BSD, laisensi yopanda zoletsa zambiri, ndipo eni ake amanena poyera kuti code ya GPL salandira, ya mu Numerical Recipes chimodzimodzi. Sindikuwadandaula ayi. GPL imafuna kuti pulogalamu yophatikizidwa nayo ikamagawidwa ikhalenso ya GPL, pomwe makampani ambiri amaika SciPy m'mapulogalamu awo otsekedwa. N'chifukwa chake FFTW, laibulale ya GPL yowerengera Fourier transform, kuthamanga konse kuja, sinalowe mu NumPy, ndipo mu 2019 a NumPy anatenga pocketfft, laibulale ina ya ntchito yomweyo.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti fayilo ya GSL ija ndinaiwerenga mzere ndi mzere, mpaka mmene amasungira ma numerator ndi ma denominator ndikuzidziwa pamtima. Ndikalemba yanga kuchokera ku pepala la Levin la 1973, kodi idzatengedwabe ngati mwana wa GSL?

Funso lachiwiri: ndikangopanga package yangayanga yokuta GSL, monga package ya scikit-sparse imachitira ndi laibulale ya CHOLMOD, kenaka chida cha auditwheel n'kulowetsa libgsl (fayilo ya GSL yeniyeniyo) mu wheel (fayilo yogawira package ya Python), ndilembe laisensi iti pa PyPI, malo ogawira ma package a Python? Ma wheel a SciPy amanyamula libgfortran, laibulale ya Fortran ya GPL, koma imeneyo ili ndi chilolezo chapadera cha GCC Runtime Library Exception. GSL ilibe.

Mayankho

Achimwene, kusamutsa code kuchoka mu C kupita mu Python sikuchotsa umwini. Masamu alibe mwini, koma kalembedwe kali naye. Tsekani fayiloyo, lembani ndi pepala lokha patsogolo panu. Ndipo musanalembe mzere ndi umodzi womwe, tsegulani issue (uthenga woyambitsa zokambirana) pa GitHub, muwauze eni ake a SciPy kuti GSL munaiwerenga. Iwo anene okha ngati angalandire.

Bambo, mwayang'anako mpmath, laibulale ina ya masamu ya Python? Ili ndi levin kale, ndipo ndi ya BSD. Pamenepo mungatengepo momasuka, bola musiyemo mawu a copyright a eni ake.

Pa za wheel: mukalowetsamo libgsl, chimene mukugawacho chonse chiyendera malamulo a GPL, ngakhale mafayilo anu mutawalemba BSD. Ikanimo laisensi ya GSL, ndipo source yake anthu azitha kuipeza.

Wofunsa uja: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi issue. Koma mpmath imawerengera nambala imodzi imodzi ndi manambala otalika, ine ndikufuna ma array a float64, manambala wamba a ma bit 64. Alipo amene anayesapo Levin pa float64 ndi NumPy? Mumaletsa bwanji cancellation (kutayika kwa ma digit olondola pochotsera manambala oyandikana) pamene ma term achuluka?