Ndigule layisensi ya PyQt kapena ndisamukire ku PySide6?

Kalulu: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kwa miyezi 8 ndakhala ndikupanga pulogalamu yowerengera katundu wa m'nkhokwe ndi Python ndi PyQt6, chida cholola Python kugwiritsa ntchito Qt popanga mazenera ndi mabatani a pulogalamu. Tsopano papezeka wofuna kuigula, koma code yanga sindikufuna kuipereka. Ndamva kuti PyQt yaulere ili pansi pa GPL, layisensi yokakamiza kuulula code kwa amene wampatsa pulogalamu, ndiye kuti ndigulitse chotseka pafunika layisensi yolipira ya Riverbank Computing. Chinanso chikundisowetsa tulo: ndikadina batani lotulutsa lipoti, zenera lonse limauma gwa, mtundu wake n'kuyererako, pamwamba n'kulembedwa "Not Responding" mpaka lipoti litatha. Kodi yolipirayo imachitanso zimenezi? Ngati siichita, mawa lomwe ndigula.

Mlenje: Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa mwaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Layisensi yolipira ndi chilolezo chabe. PyQt yake ndi yomweyo imene muli nayo, ndipo zenera lidzauma chimodzimodzi.

Chikuchitika n'chakuti mukaitana app.exec(), Qt imalowa mu event loop, kumamvetsera mbewa, kiyibodi ndi kujambula zenera. Inu mwaika ntchito yonse ya lipoti m'kati mwa function ya batani, ndiye loop ija yaima kudikira kuti mumalize. Windows ikaona kuti zenera latha masekondi 5 osalandira mauthenga ake, imalemba mawu aja. Ntchito yolemetsayo ichotseni pamenepo. Pangani QObject yogwira ntchitoyo (worker), muisamutsire ku QThread, thread ina yogwira ntchito pambali pa ya zenera, ndi moveToThread, ndipo ikamaliza itumize zotsatira kudzera pa signal.

Kalulu: QThread ndinaiyesapo sabata yatha, madala, koma zinangoipiraipira. Pulogalamu inkangozima yokha. Nthawi zina inkasiya mawu akuti "QThread: Destroyed while thread is still running", nthawi zina osasiya kanthu n'komwe.

Mlenje: Mawu amenewo akukuuzani kale pamene pali bala. Thread yanu munaisunga mu variable wamba m'kati mwa function. Function itatha, Python inaona ngati palibenso woifuna n'kuisesa ili pakati pa ntchito. Lembani self.thread ndi self.worker kuti zikhale ndi mwini. Matenda omwewa ndi amene amachititsa kuti zenera lachiwiri lingoti phethi n'kusowa ukalitsegula.

Kuzima kopanda uthenga kuja, ndikuganiza kuti munkasuntha progress bar kuchokera mu thread inayo. Widget iliyonse, kaya batani kaya progress bar, imagwiridwa ndi thread yaikulu yokha basi. Worker azingotumiza nambala pa signal, zenera lizijambula lokha.

Nyenyezi: A Mlenje anena zoona pa za kuuma. Ine ndilowe pa za kugulazo: musagule. PySide, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya PyQt, inabadwa mu 2009, Nokia ili mwini wa Qt, pofuna kuti pakhale njira ya Python yokhala pansi pa LGPL. Lero PySide6 ikusamalidwa ndi Qt Company yeniyeniyo, ndipo yakhalapo chiyambire Qt 6 mu December 2020. LGPL imakulolani kugulitsa pulogalamu osaulula code yanu. Ine ndinasamutsa yanga tsiku limodzi: kusintha ma import, pyqtSignal kukhala Signal, pyqtSlot kukhala Slot, zinathera pomwepo. Mulipirirenji chimene chilipo kale mwaulere?

Chiwombankhanga: Achemwali, tsiku limodzi limenelo si la aliyense. Ine ndinagula ndipo sindinanong'onezepo bondo. Pulogalamu yanga inali ndi mafayilo ambirimbiri a .ui ochokera ku Qt Designer, chida chojambulira mazenera, onse otsegulidwa ndi uic.loadUi. PySide6 ilibe chimenecho m'njira yomweyo. Umagwiritsa ntchito QUiLoader, imene imakubwezera widget yakeyake m'malo modzaza class yako, kapena umasandutsa fayilo iliyonse ndi pyside6-uic. Ndiye kuti zenera lililonse uligwire, uliyesenso. Nditawerenga masiku amene akanandithera, kasitomala akudikira, ndinaona kuti kugula n'kopepukirapo.

Palinso ichi, chimene kwa ine n'chachikulu. PyQt yakhalapo kuyambira 1998, ndipo Phil Thompson wakhala akuisamalira zaka zonsezi kudzera m'kampani yaing'ono. Tonse pano tinaphunzirira pa ntchito yake osalipira kanthu. Tsiku limene wayamba kudyerapo, kubwezako pang'ono si kutaya ndalama.

Nyenyezi: Mfundo yothokozayo ndaimva ndipo sindikuitsutsa. Koma a Kalulu adziwe bwinobwino chimene akugula. Layisensi ya Riverbank imaphimba PyQt yokha. Qt yeniyeniyo, imene ili pansi pake, ili ndi layisensi yakeyake. Mukapanda kugulanso ya Qt Company, Qt mukuigwiritsabe ntchito pansi pa LGPL. Ndiye malamulo aja akukutsatanibe: kumuuza wogula kuti m'katimo muli Qt, kumupatsa mawu a layisensiyo, ndi kusiya mpata woti asinthe mafayilo a Qt ndi ena akafuna. Anthu ambiri amagula poganiza kuti athana nazo zonsezi.

Chiwombankhanga: Pamenepo sindikana, ndi mmene zilili. N'chifukwa chake pa PyInstaller, chida chomangira pulogalamu kuti iperekedwe kwa wogula, ndimasankha onedir, kuti mafayilo a DLL azioneka poyera mu foda, osati kuunjika zonse mu fayilo imodzi.

Kalulu: Zikomo nonse, maso akutseguka. Ndaika self.thread, ndachotsanso progress bar mwa worker. Lipoti latuluka, kamzere kobiriwira kakuyenda pang'onopang'ono, ndipo zenera ndikutha kulikoka uku ndi uku ntchito ili m'kati. Ndakhala ndikudina batani lija mobwerezabwereza chifukwa cha chimwemwe.

Funso lina: m'lipotimo muli ma graph opangidwa ndi QtCharts. Amenewa nawo ali pa LGPL?

Mlenje: Mwachita bwino kufunsa musanapereke kwa wogula. Ayi ndithu. Qt Charts ili pa GPL kapena layisensi yolipira ya Qt Company, LGPL palibe. Kaya mukhale pa PyQt, kaya musamukire ku PySide6, gawo limeneli likukakamizani kuulula code kapena kulipira kwina. Ambiri amalichotsa n'kuikapo pyqtgraph, imene ili pa layisensi ya MIT ndipo imagwira mbali zonse ziwiri, kapena matplotlib ngati ma graph ake si osinthasintha msanga.

Nyenyezi: Ndiye mwaona, a Chiwombankhanga? Akanagula dzulo, akanapezekabe ali pa mlandu chifukwa cha ma graph. Poti code aigwiragwira kale pochotsa QtCharts, bwanji osamalizira limodzi n'kusamuka?

Chiwombankhanga: Kuchotsa ma graph ndi ntchito ya fayilo imodzi kapena awiri, pomwe kusamuka kukhudza pulogalamu yonse. Zimenezo sizingayezedwe pa sikelo imodzi. A Kalulu, tiuzeni: mafayilo a .ui muli nawo angati, ndipo wogulayo wakupatsani mpaka liti?

Kalulu: Alipo 14, onse ndi loadUi, ndipo ndili ndi masabata atatu. Ndatsegula nthambi ina pa Git yoyeserapo PySide6. Ma import ndi ma signal zatheka mu ola limodzi monga ananenera achemwali, koma zenera loyamba lomwe lakana kutseguka chifukwa cha loadUi yomweyo. Usiku uno ndiyesa pyside6-uic pa mafayilo awiri, losavuta ndi lovutitsitsa, ndione nthawi imene anditengere. Akandidyera maola ochuluka ndigula, apo ayi ndipitiriza kusamuka.

Nyenyezi: Yambirani lovutalo mukadali ndi mphamvu. Class yanu itengere QMainWindow, mupange self.ui = Ui_MainWindow(), kenako self.ui.setupUi(self). Kumbukirani kuti paliponse pamene munalemba self.batani pakhala self.ui.batani. Pakatuluka uthenga wina wachilendo, muuike pano mmene ulili, osaufupikitsa, tiuonere limodzi.