Njinga yanga yamoto yakana kulira chiyimikireni mu Novembala, ndiyambire pati?

Abale anga apa gulu, makamaka amakaniko ndi akabaza, ndigaireni nzeru. Ndili ku Leeds kuno ku UK, ndili ndi ka Honda CG125 kakale ka kabuleta komwe ndimapitira kuntchito. Kumayambiriro kwa Novembala kutayamba kuzizira zenizeni ndinakalowetsa mu shedi kuseri kwa nyumba, chifukwa kuno winta ikafika amamwaza mchere mumsewu kuti madzi asaundane ndiye mcherewo umadya zitsulo, komanso ine zoti ndiziterereka pa ayisi 7 koloko mmawa ndikuchokera ku naiti ayi ndithu, ndinabwerera pa basi. Ndinapanga SORN, kuwauza a DVLA, ofesi ya boma yoona za magalimoto kuno, kuti njingayi siikuyenda pamsewu kuti ndisamalipire msonkho wake, nkuifunditsa chilona basi. Batire sindinachotse, petulo sindinakhuthule, muthanki munali ngati theka.

Loweruka lapitali ndati kunja kwayambako kufunda ndiitulutse. Kupotokola kiyi magetsi akuyaka koma mofooka, kudina sitata ikungoti tiki tiki tiki. Ndinabwereka chaja kwa neba, batire inagona pa chaja usiku wonse, Lamulungu injini inayamba kutembenuka bwinobwino koma osalira. Nditakoka choko mpaka kumapeto inalira mwina masekondi 5, utsi kuti tolo, nditangoti ndibweze choko pang'ono inazima. Ndabwereza kambirimbiri ndi zomwezo, nkangogwira fayala ndiye imafa pompo. Pano batire yayambanso kufooka. Yanga ilibe kiki ndi ya sitata yokha.

Ku galaja ina akuti angoiona kaye ndilipire ola lathunthu, kuphatikiza yodzaitenga pa vani, ndikawerengera ndi ndalama yoti kumudzi agula matumba a feteleza. Zida ndili nazo ndi masipanala ochepa, sikuludilaiva ndi ka mita koyezera magetsi. Ndiyambire kuti?

Wakabaza wa ku Area 25: Batire imeneyo yapita bwana, gulani ina nkhani ithe. Koma njinga yopanda kiki inunso munaigula bwanji kkkkk

Membala wina: Miyezi isanu njinga ili chigonere? Kuno ikanakhala itabweza kale ndalama yake, mukanangoitumiza tizikuyendetserani

Makaniko wa njinga ku Limbe: Achimwene musathamangire kugula kanthu. Injini ya CG ndi yomweyi ili mu njinga zambiri za ku China zomwe timamasula tsiku ndi tsiku kuno, ndi yosavuta. Zomwe mwalongosolazo matenda adziulula okha. Njinga yoti ikulira pa choko nkumazima mukabweza choko ndiye kuti moto ulipo, kompuresheni iliponso, chikuperewera ndi mafuta. Mu kabuleta muli majeti awiri, yaikulu ndi yaing'ono ija ya pailoti, yaing'onoyo ndi yomwe imadyetsa injini ikamalira payokha musanakoke fayala, ndipo bowo lake ndi lochepa moti singano yosokera silowa. Petulo akakhalitsa mu kambale ka pansi pa kabuleta amauma nkusiya zomatamata ngati vanishi, ndiye choyamba kutsekeka ndi jeti yaing'onoyo. Choko ili ndi kachitidwe kake kowonjezera mafuta nchifukwa chake ikulirako pang'ono. Ndikufunseni, kampopi ka pansi pa thanki munakasiya pa ON kapena pa OFF?

Mwini funso: Ndapita kukaona, kali pa ON chisiyireni. Ndalakwitsa eti?

Makaniko wa njinga ku Limbe: Ndi pomwepo. Pa ON ndiye kuti petulo akamauma mkambalemo wina amatsika kudzalowa mmalo, nkuumanso, winta yonse zinyalala zikuunjikana. Pangani izi. Tsekani kampopiko, pansi pa kabuleta pali kasikulu kokhuthulira, ikani botolo loonekera mkati mumasule. Muone mtundu wa petuloyo ndi fungo lake, woola amakhala wachikasu chakuda ndipo amanunkha ngati penti, ngati muli madzi muwaona atakhazikika pansi pa botolo. Kenako mukhuthule thanki yonse muthire watsopano. Mwina mwa mwayi ilira ndi zimenezi zokha. Ikakana ndiye muchotse kabuleta, mumasule kambale, jeti yaing'ono muitulutse ndi sikuludilaiva yokwana bwino chifukwa ndi ya mkuwa imaphwanyika mutu msanga. Muiyang'anitse kudzuwa, ngati kuwala sikukudutsa ndi imeneyo. Chinanso musanailize, tulutsani kandodo ka oyilo mununkhize. Nthawi zina singano ya fuloti ikakhala yotopa petulo amasefukira mpaka kukalowa mu oyilo, mukamva fungo la petulo kapena oyilo wachuluka kuposa mzere musinthe kaye.

Membala wa ku Nottingham: Akuluwa anena zoona ndingowonjezera za kuno. Kuyambira Seputembala 2021 petulo wamba wa pa mapampu kuno ndi E10, muli ethanol mpaka 10 pelesenti, ndiye ethanol amakoka chinyezi, mu shedi yachinyontho thanki ili theka ndiye mpata wa mpweya wonyowa ndi waukulu. Mukamathira watsopano thirani super unleaded uja wolembedwa E5, ndi wodulirapo koma thanki ya 125 sikuti ikusaukitsani. Petulo wakaleyo musamutaye mu dureni aise, kuno ndi mlandu, funsani ku malo otayira zinyalala a khonsolo kuti amalandira kuti. Tseguleninso bokosi la air filter, mbewa za kuno zimakonda kumanga nyumba mmenemo nthawi yozizira, ine zinandidyera siponji yonse.

Membala wina: Mbewa za ku UK zonenepa choncho inu mukungozisiya? Kkkk abale mwasintha

Mnyamata wa ku Nkhotakota: Koma za ethanol zo musatinamize, kuno petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndipo njinga zikuyenda daily

Membala wa ku Nottingham: Zikuyenda daily, mwayankha nokha. Petulo wa kabaza sagona muthanki masiku awiri. Imikani yanuyo kuyambira Disembala mpaka mvula ithe mudzatiuze.

Wakabaza wa ku Area 25: Ine ndikuti batire. Ingojampani ndi galimoto mwaliza injini muponde fayala, ilira yokha imeneyo

Makaniko wa njinga ku Limbe: Ayi mwana wakwathu, kujampa ndi galimoto nkotheka koma injini ya galimotoyo ikhale yozima, batire ya galimoto payokha ndi yokwanira kale, mukailiza mutha kuotcha regulator ya njinga, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi. Ndipo za batire tisakangane, mita ali nayo. Achimwene itchajeni, muisiye ipume maola angapo, muyeze. Yamoyo imaonetsa 12.6 kapena kuposa pang'ono, ikakhala cha mma 12.0 ndi yotopa. Kenako muyeze uku mukudina sitata, ikagwa kutsika 10 ndiye yatha ntchito. Batire ikagona miyezi yopanda moto imaonongeka mkati ndiye mwina mnzathuyu akhoza kupambana ndithu, koma batire yatsopano siingatsegule jeti. Ndipo musamadine sitata nthawi yaitali, masekondi 5 mupumitse, apo bii muotcha sitata ndi kunyowetsa pulagi.

Mayi wina wa ku Manchester: Achimwene ingoperekani kwa odziwa, mudzaononga zambiri pofuna kupulumutsa zochepa. Bambo akunyumba kuno anamasula yawo chaka chatha mpaka lero ili mu makatoni atatu.

Mwini funso: Kkkk achemwali mwandiopsa koma ndiyesabe, ndizijambula chilichonse ndisanamasule. Bambo aku Limbe, jetiyo ndiitsegule ndi chani? Wina ku inbox akuti ndiboole ndi singano, wina akuti ndiotche pulagi pa sitovu.

Makaniko wa njinga ku Limbe: Singano ayi, mukakulitsa bowolo njinga izimwa mafuta ngati chidakwa ndipo siidzakhazikikanso. Gulani sipuleyi ya carb cleaner, muiviike, mupopere. Ikakanika tengani kaulusi kamodzi ka waya wamkuwa wa mu chingwe cha magetsi, kofewa kaja, mulowetse mwaulemu. Maso muteteze popopera, imabwerera kumaso ndipo imawawa kwabasi. Kasikulu kosinthira mpweya ndi mafuta ka pambali musakakhudze ngati simunawerenge kuti kazungulira kangati. Pulagi musaotche, ndi yotchipa, gulani yatsopano ya nambala yomweyo yalembedwa pa yakaleyo.

Mwini funso: Ndabweranso abale. Dzulo nditaweruka sindinagone nkomwe, ndinalunjika ku shedi. Petulo wa mu kabuleta anatuluka ngati tiyi wopanda mkaka, pansi pa botolo timadontho ta madzi. Ndinakhuthula thanki nkuthira E5 malita 5, inakanabe, choko yokha ngati kale. Ndiye ndinalimba mtima nkuchotsa kabuleta, ndinayala thaulo lakale patebulo la kukhitchini mayi akunyumba ali kuntchito. Kutsegula kambale kaja pansi pake pali zobiriwira zomata ngati ndere za pachitsime. Jeti yaikulu kuwala kumadutsa, yaing'onoyo mdima wokhawokha. Sipuleyi yokha inalephera, kawaya kamkuwa ndi komwe kanatulutsa kanyenyeswa kochepa ngati kambewu ka mchenga, kanthu kameneko ndi komwe kandikwezetsa basi sabata yonse. Kasipuling'i kena kanagwa pansi ndinakasaka chokwawa mphindi 20, kanali pansi pa filiji. Nditabwezera zonse ndi pulagi yatsopano inalira kudina kwachiwiri, choko ndabweza itatentha ndipo yakhazikika phee. Oyilo sakununkha petulo koma ndisinthabe. Mbewa munalibe. Kukhitchini kukununkhabe petulo ndiye mlandu umenewo ndikuyankha panokha madzulo ano.

Aku Area 25 nanunso munalasa, batire ndayeza mmawa uno ili pa 12.1 ndipo podina sitata ikugwa mpaka 9, ndaitanitsa ina.

Wakabaza wa ku Area 25: Ndinanena ine!! Tumizani ya fanta

Membala wa ku Nottingham: Musanatuluke nayo pamsewu kumbukirani kuti ili pa SORN, mulipire kaye msonkho, inshuwalansi ikhale yamoyo, muonenso ngati MOT, chiphaso chosonyeza kuti njinga yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sinathe nthawi yomwe inali mu shedi. Ngati mukuyendera CBT, chiphaso cha maphunziro oyamba oyendetsera njinga, muone deti, imatha pakapita zaka 2. Matayala mupope, tcheni muthire oyilo.

Mwini funso: MOT yatha mu Febuluwale, ndabukitsa Lachinayi. Koma poikankha kutuluka mu shedi ndaona kuti tayala lakutsogolo likulimba kuzungulira, buleki ikukhala ngati yagwira yokha ndipo ikulira kwii kwii. Bambo aku Limbe mukadali pompo? Imeneyinso ndimasule kapena imasuka yokha ikayenda?