Mwana wapeza mapointi 8 afuna udokotala, tiyambire pati?

Malume_waKatete

Muli bwanji nonse, ndili ku Katete kuno ku Zambia. Ndili ndi mwana wa alongo anga amene ndakhala naye kuchokera ali grade 8, wamaliza grade 12 ndipo ma results atatuluka wapeza mapointi 8, biology 1, masamu 1, chemistry 2, enawo ndaiwala koma palibe 4. Mtsikanayu akuti afuna kukhala dokotala, ndikamuuza za unesi pa chipatala cha St Francis pompano pafupi amangoti ayi malume ine nifuna udokotala weniweni. Ine ndine mlimi chabe, soya ndi nsawawa, za ma yunivesite sindizidziwa. Amene munapita njira imeneyi tithandizeni, zimatenga zaka zingati, amaphunzira kuti, nanga ndalama boma limathandiza? Wina kuno akuti timutumize ku Malawi poti ndi pafupi, winanso akuti ali ndi munthu amene amatumiza ana ku China koma tiyambe tapereka ya mafomu.

ChemBio_Ridgeway

Malume choyamba mumuyamikire mwanayo, 8 si masewera. Koma ndikuuzeni zoona kuti musadzadabwe, mapointi a grade 12 samulowetsa mu medicine, amangomulowetsa pa geti. Ku UNZA (University of Zambia) amayamba kaye mu School of Natural Sciences, ife timati NS, pa Great East Road Campus paja mumaona kumanzere mukamalowa mu Lusaka ndi basi ya ku Chipata. Chaka chimenecho amaphunzira biology, chemistry, physics ndi masamu, ndiye pakutha pa chaka amayang'ana ma grade nkugawa anthu, awa medicine, awa pharmacy, awa biomedical, ena engineering, ena agric, ena vet. Ndiye kota imene mumamva ija. Vuto ndi lakuti mu kalasimo aliyense anali namba wani kusukulu kwawo, wa 6 points ali pomwepo, wa ku Chizongwe, wa ku St Monica's, wa ku Hillcrest, wa ku David Kaunda, onse afuna mpando womwewo ndipo mipando ndi yochepa. Ndaona anthu amene analowa ndi 6 akulira pa notice board, ndipo wina analowa ndi 9 nkudutsa bwinobwino chifukwa anayamba kuwerenga sabata yoyamba osadikira ma test. Ambiri chimawagwetsa ndi masamu ndi physics, biology aliyense amaikonda.

Akadutsa pamenepo amapita ku Ridgeway Campus pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Zaka zoyamba ndi za m'kalasi ndi mu labu, anatomy, physiology, biochemistry, kenako pathology, pharmacology ndi microbiology. Ndipo mumuuziretu kuti pa anatomy amagwira mtembo weniweni, kuudula ndi kuphunzira mtsempha uliwonse, ena kunyumba akamva amayamba zonena zambiri koma ndi momwe dokotala aliyense anaphunzirira. Kenako zaka zomaliza ndi za mu wodi, kuzungulira internal medicine, surgery, ana, azimayi oyembekezera, psychiatry ndi community medicine, apa ndiye tulo timachepa chifukwa umakhala pa call usiku m'mawa ma round consultant nkumakufunsa mafunso pamaso pa wodwala. Zonse pamodzi werengerani zaka 6 kapena 7 kutengera sukulu, ngati sanabwereze chaka. Digiri yake ndi MBChB.

Si UNZA yokha. Copperbelt University ili ndi Michael Chilufya Sata School of Medicine ku Ndola, Mulungushi University medicine yawo ili ku Livingstone, palinso Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka mbali ya Chainama. Zonsezi ndi za boma. A apulaye konseko osati malo amodzi, fomu ndi yotchipa kuposa kukhala chaka china pakhomo.

Madam_Sayansi

Ndiwonjezereko za ndalama poti ndimathandiza ana anga akusukulu kudzaza mafomu amenewa. Imene anthu amaitchulabe bursary masiku ano ndi loni, imachokera ku HELSB, bungwe la boma lopereka ma loni kwa ophunzira, ndipo akayamba ntchito amamudula pa salary mpaka ithe. Amapereka mosiyana, ena 100%, ena 75, ena 50, ndiye musaganize kuti akalandira basi zonse zatha. Amayamba walandira kaye kalata yakuti sukulu yamutenga kenako ndiye a apulaye loni ikalengezedwa, ndipo nthawi yake imakhala yochepa, muzimvera wailesi komanso kuyang'ana page yawo pa Facebook. Konzeranitu NRC yake, results ya ECZ, ma NRC a makolo kapena omulera, ndipo ngati makolo anamwalira kapena ndi ovutika mapepa osonyeza zimenezo akhalepo, pitani ku ofesi ya social welfare pa boma akuthandizeni. Meal allowance inachotsedwa mu 2019 koma inabwerera mu 2023, imathandizako ndithu.

Za CDF, ndalama za chitukuko cha constituency, musadalire pa nkhani iyi, bursary ya CDF ndi ya ana a sekondale ya boarding ndi a skills training, si ya digiri ya udokotala. Makolo ambiri amataya nthawi kwa a councillor pachabe.

Chinanso, miyezi imene akudikirayi asamangokhala, apeze mabuku a A level a chemistry, physics ndi masamu ayambe kuwerenga. Mwamwayi iye anatenga pure sciences poti mwatchula chemistry payokha, amene anatenga science yophatikiza ija amavutika kwambiri mu NS.

Kapata_Boy

Ine ndisakubisireni bambo, zaka 7 mwana ali pasukulu inu mukugulitsa soya ndi ng'ombe, akamaliza nkudzakhalanso pakhomo kudikira ntchito. Madokotala angati amene akugwira ngati ma volunteer osalandira kanthu? Boma linalemba ntchito anthu azaumoyo opitirira 11,000 mu 2022 koma masukulu nawo achuluka, chaka chilichonse akutulutsa ena. Bwanji osangochita clinical officer zaka 3 ayambe kukuthandizani msanga, kumudzi konko onse amamuitana kuti adokotala basi kkkk

CO_wakuVubwi

Kapata_Boy ine ndine clinical officer ndipo ntchito yanga ndimaikonda, koma musamunamize munthu. Mzere wodikira ntchito uli kwa ifenso ndi manesi omwe, mwinanso wautali kuposa wa madokotala chifukwa makoleji a diploma ndi ambirimbiri. Ndipo clinical officer si theka la dokotala lakuti ukawonjezera zaka 3 wakwanira ayi, ndi njira ina payokha. Ukafuna kukwera umachita digiri nkukhala medical licentiate, amene amatha kuchita ma operation ena monga caesar pa zipatala za m'maboma, koma ukafuna MBChB umakayambanso pafupifupi pansi. Anzanga ena achita zimenezo ali ndi ana kale ndipo si zophweka. Mwana wa 8 points amene akudziwa chimene afuna musiyeni ayese kaye, zikakanika mu NS pharmacy kapena biomedical zilipo, ndipo diploma sithawa.

Chimene wanena choona ndi chakuti digiri si mapeto. Akamaliza amalembetsa ku HPCZ, bungwe limene limapereka chilolezo chogwira ntchito, kenako internship yopitirira chaka pa chipatala chachikulu ngati Chipata Central, pamenepo amatchedwa junior resident medical officer, kuzunguliranso ma department aja koma tsopano wodwala ali m'manja mwake. Akamaliza ndiye amalembedwa mokwanira, ndipo ambiri amatumizidwa ku zipatala za kumidzi, kumene ukhoza kupezeka dokotala ndiwe wekha usiku mayi akutaya magazi ambulansi ili kwina. Ngati afuna kukhala specialist, wa ana kapena wa opaleshoni, ndi zaka zinanso 4 kapena kuposa za MMed (masters ya udokotala) kapena STP (Specialty Training Programme). Ndiye malume mukawerenga bwino kuchokera lero mpaka specialist ndi zaka zoposa 12, koma salary amayamba kulandira akalembedwa pa internship.

amake_Tiyanjane

Za munthu wa ku China uja chonde musapereke ngakhale ngwee. Ife tinadyeredwa ndalama ndi agent wina, anati malo apezeka tikonze pasipoti, lero foni yake siipita. Ma scholarship a boma opita kunja, Russia, China, Algeria, Morocco ndi kwina, amalengezedwa poyera kudzera ku HELSB komweko ndipo sudutsa kwa munthu wapambali. Komanso amene waphunzira kunja akabwera amayenera kulemba mayeso a HPCZ asanagwire wodwala, ena amavutika nawo poti matenda amene anaona kumeneko si malungo ndi TB zathu zino, kwina umayambanso wataya chaka kuphunzira chilankhulo.

Ku Malawi sukulu yake ndi Kamuzu University of Health Sciences, kale inali College of Medicine, ndi yabwino koma udokotala amaphunzira ku Blantyre, si pa Mchinji pompa monga akuganizira anzanuwo. Iye akalowa ngati wakunja, fizi yake ndi ina ndipo loni ya kuno siimutsatira. Ma private a ku Lusaka aliponso, Apex, Cavendish, UNILUS, Texila, koma fizi ya medicine ku private pa soya yekha ndi yolemera, ndipo kulikonse kumene mungasankhe funsani kaye ngati programme yake ndi yovomerezeka ndi HEA, bungwe loyang'anira ma yunivesite, ndi HPCZ musanalipire.

Malume_waKatete

Zikomo kwambiri nonse, ndamuwerengera zonse ali pompano, za mtembo zija wangoseka akuti aziwa kale. Wa China uja tamusiya. Funso lina, ku Lusaka tilibe wachibale, malo ogona sukulu imapereka kapena tizifunanso ndalama ya nyumba? Nanga laputopu ndi yofunika chaka choyamba chomwe?

ChemBio_Ridgeway

Ma hostel alipo koma sakwanira onse malume, ambiri a first year amakhala mu ma boarding house ku Kalingalinga, Kalundu kapena Ng'ombe nkumayenda wapansi, ndiye ikani padera ndalama ya lendi ya miyezi ingapo chifukwa ya loni nthawi zina imabwera sukulu itayamba kale. Mupite naye nokha mukaone nyumbayo, madzi, geti ndi anthu amene azikhala nawo chipinda, musalipire pa foni musanaone. Laputopu chaka choyamba akhoza kupirira ndi foni yabwino poti manotsi ambiri amatumizirana pa WhatsApp, koma calculator ya sayansi ndi lab coat agule asananyamuke. Mumupatsenso ufa, nyemba ndi nsinjiro zokwanira, ndiwo ku Lusaka ndi zodula.