Ana akufuna kujambula mavidiyo pa holide, ndiyambire pati?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Sande sukulu ku Nchalo. Sukulu zikatsekera holide yaitali ya Ogasiti, mpingo wathu umasonkhanitsa ana m'mawa uliwonse kuti asamakasambe m'ngalande za m'minda ya nzimbe. Amamwa phala, timaimba, dzuwa likafika paliwombo aliyense kwawo. Chaka chino ana okulirapo akuti masewero apabwalo awakwana, akufuna kujambula mavidiyo.

Ana alipo oposa 30, a zaka 8 mpaka 14. Mafoni ndi atatu basi, Tecno yanga ndi ma Itel awiri obwereka. Kompyuta tilibe. Kodi zidutswa za vidiyo tingazilumikize bwanji pafoni? Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi: ana ena akufuna kujambula za namondwe wa Freddy wa mu 2023, momwe madzi analowera m'nyumba zawo. Ndiwalole? A komiti nawo akuti tidzaike pa Facebook kuti abale a ku Joni aone.

Wojambula maukwati, Ndirande: Achemwali, ikani pulogalamu yokonzera mavidiyo ya CapCut pa Tecno yanuyo, kudula ndi kulumikiza sikufuna bandulo. Zojambulidwa pa ma Itel muzizitumiza ku Tecno ndi pulogalamu yotumizirana mafayilo ya Xender. Pakamera tsitsani kukula kwa vidiyo kufike pa 720p, apo ayi foni idzadza tsiku loyamba lomwelo. Ana asamajambule chinthu chimodzi mphindi zisanu, masekondi 10 kapena 15 akwana, kenako asinthe poima. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wogwira foni. Mdani wanu wamkulu si chithunzi koma mawu. Ogasiti kumakhala mphepo, mukadzamvera mudzangomva phuuu. Dulani kasiponji kotsukira mbale, mumangirire ndi mphira pakabowo ka maiki, ndipo wolankhula aime pafupi. Jambulani nthawi isanakwane 10 koloko, kutentha kwa kuchigwa foni imazima yokha.

Mayi wa ku Bangula: Za Freddy zo, chonde amayi, yendani nazo pang'onopang'ono. Mwana amene lero akunena mosekerera kuti akufuna kufotokoza, mukamuloza ndi foni anzake atamuzungulira, akhoza kuyamba kulira pakati pa nkhani, ndiye mudzatani? Alipo ana kuno amene mpaka pano mvula ikangoyamba usiku amadzuka n'kukhala tsonga pamphasa. Ena anagona m'makalasi miyezi, ena anataya abale. Ine ndikanati mwana akhale wofunsa, woyankha akhale agogo. Iwo anaona madzi a mu 2015, anaona namondwe wa Idai mu 2019, anaona namondwe wa Ana mu 2022, amadziwa kuyala nkhani popanda kuopseza mwana. Afunsidwe kuti ankadziwa bwanji kuti Shire kapena Ruo akudzaza, mbuzi ankazithawitsira kuti, ufa ankaupachika pati. Muwasiye ayankhe m'Chisena kapena m'Chimang'anja, musawakakamize Chichewa cha pawailesi.

Mnyamata wina: Mukuvutikiranji? Ana onsewa ali kale pa TikTok ndi mafoni a makolo awo. Ikani basi, mwina adzatchuka.

Bambo wa ku Chikwawa boma: Achimwene, akhale mwana wanu muzatero? Facebook ndi TikTok omwewo salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Amayi, lembani kakalata, kholo lililonse lisaine kapena lidinde chala, ndipo mafunso akhale awiri osiyana: kujambulidwa, ndi kuikidwa pa intaneti. Ambiri adzavomera loyamba n'kukana lachiwiri. Mayina a ana, mudzi wawo ndi yunifolomu zisaoneke. Vidiyo ikangolowa m'gulu la WhatsApp simungaibwezenso.

Mphunzitsi, Ngabu: Ang'onoang'ono aja apatseni dongo. Aumbe ng'ombe, ngolo, ng'ona, bwato. Foni muitsamiritse panjerwa isagwedezeke, ajambule chithunzi, asunthe ng'ombe pang'ono, ajambulenso. Zithunzi 10 zimapanga pafupifupi sekondi imodzi, ndipo pulogalamu ya pafoni ya Stop Motion Studio imazilumikiza yokha. Nkhope ya mwana sioneka, manja okha, ndiye iyi mutha kuika pa Facebook mtima uli m'malo. Ndipo aliyense amapeza chochita, wina kuumba, wina kulira ngati ng'ombe, wina kuimba ulimba ngati mungaupeze.

Wofunsa: Zikomo nonse. Amayi a ku Bangula, mwandifika pamtima, tipita kwa agogo. Za dongozo ndiyesa Loweruka. Nanga makolo tidzawaonetsa bwanji tsiku lomaliza, poti pafoni anthu onsewo sangakwanirepo?

Wojambula maukwati, Ndirande: Ikani pa fulashi, mubwereke TV ndi sipika kwa oonetsa mpira. Mukayeseretu dzulo lake, ma TV ena amakana fayilo ya pafoni. Jenereta kapena batire la sola likhale pafupi.