Thandizeni pa nkhani ya DNA ndi mbewa za mu labu

mwana_wa_kuChipata:
Muli bwanji nonse. Ndili pa UNZA chaka chachitatu, mayeso ali pafupi koma pali chinthu chandizunguza mutu. Akuti selo iliyonse m'thupi ili ndi DNA imodzimodzi, ya m'chiwindi ndi ya mu ubongo palibe kusiyana. Nanga bwanji jini ina imagwira ntchito mu ma neuron (maselo a mu ubongo ndi mu mitsempha onyamula mauthenga) chabe? Ndiye mbewa zikulowapo bwanji apa, ine mbewa ndidziwa zowamba zija za pa msewu wa ku Katete kkkk

Kalingalinga_boy:
Mbewa za mu labu sizidyedwa iwe kkk. Jini siyidziyatsa yokha, pafupi pake pali promoter pomwe kuwerenga jiniyo kumayambira, kulinso ma enhancer, tizidutswa ta DNA tothandiza kuyatsa jini, amene nthawi zina amakhala patali ndithu. Kuti adziwe chidutswa chomwe chikulamula, amachidula nkuchilumikiza ku lacZ, jini ya bakiteriya, kenako amabaya DNA-yo mu dzira la mbewa longokumana kumene ndi umuna. Mbewa ikabadwa amaika mankhwala otchedwa X-gal pa ziwalo zake, pomwe jini ya lacZ ija yayaka pamasanduka buluu. Mu 1990 anachita zimenezi ndi promoter ya jini ya khoswe yotchedwa neuron-specific enolase, kachidutswa ka zilembo za DNA 1,800 (1.8 kb) basi, buluu anaonekera mu ma neuron.

amake_Tiyese:
Mwafotokoza bwino achimwene koma mwasiya pokoma penipeni. Ambiri timangoganiza kuti neuron ili ndi chinachake choyatsira majini ake, pomwe majini ambiri a ma neuron amachita kutsekeredwa m'maselo ENAWO. Pali kachidutswa ka zilembo pafupifupi 21 kotchedwa RE1 kapena NRSE, kali pa majini ngati SCG10 ndi synapsin I. Puloteni ya REST imakhala pamenepo ngati loko pa geti, m'chiwindi ndi m'khungu ilipo yambiri ndiye jini ili zii, koma selo ikamakhwima kukhala neuron REST imachepa geti nkutseguka. Ma labu awiri anaipeza mu 1995, ya Gail Mandel ndi ya David Anderson, nchifukwa ili ndi maina awiri, REST ndi NRSF. Ukaononga RE1-yo jini imayamba kuyaka ngakhale m'maselo omwe si ma neuron. Ine pa mayeso ndikanayambira apa mwana wanga.

mwana_wa_kuChipata:
Zikomo amama, manje zayamba kulowa. Ndiye mbewa imodzi ikakhala buluu mu ubongo nkhani yatha?

Kalingalinga_boy:
Ayi. DNA yobayidwa ija imakalowa paliponse mu chromosome, ikagwera pafupi ndi enhancer ya jini ina imatengera za aneba, amati position effect. Mwachitsanzo mbewa za mu 2000 zomwe anaziika promoter ya jini ya Thy1 yolumikizidwa ku jini ya GFP (puloteni yowala mobiriwira), DNA yofanana koma mtundu wina ma neuron ambiri akuwala, wina ochepa chabe. Lemba kuti pamafunika mitundu ingapo yochokera ku mazira osiyana, usaiwale mamakisi ali pamenepo.